Matambula a agogo ndi mabanja amene ng'anjo zawo sizizima

Kwathu ku Linthipe, m'nyumba ya agogo aakazi, munali kabati imene ana sitinkaloledwa kuyiyandikira. M'kati mwake munali matambula asanu ndi imodzi, olemera kuposa mmene amaonekera, okhala ndi mizere yodutsanadutsana ngati mphini. Agogo aamuna ndi amene anabwera nawo kuchokera ku Joni atamaliza ntchito ya ku migodi. Matambulawo ankatuluka pa Khirisimasi, pa chinkhoswe, kapena kukabwera abusa. Ukagogoda imodzi ndi chikhadabo inkalira kwa kanthawi ngati kabelu, pamene tambula ya ku golosale imangoti gu, basi yakhala chete. Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Agogo, kodi amenewa anawasema ndani?" Iwo anaseka. "Iwe mwana, galasi amasema ngati mtondo? Amenewa amangothira m'chikombole ku fakitale."

Papita zaka zambiri ndisanadziwe kuti funso langa lija silinali lachibwana. Galasi amasemadi, ndipo kuli mabanja amene akhala akuumba ndi kusema galasi kwa mibadwo khumi kapena kuposerapo, mwana kulandira kwa bambo, bambo kwa agogo. Chimene chimandikoka mtima pa nkhaniyi n'chakuti luso limeneli linakhazikika m'mabanja chifukwa cha khalidwe la galasi lenilenilo. Kuti timvetse mabanjawo, tiyambe tamvetsa chinthu chimene amagwira.

Galasi ndi mchenga wosungunuka. Pa magawo 100 a galasi wamba, ngati la botolo kapena la pawindo, magawo pafupifupi 70 ndi mchenga woyera, magawo pafupifupi 15 ndi soda, ndipo pafupifupi 10 ndi laimu. Mchenga pawokha ndi wouma mutu: umafuna moto woposa madigiri 1,700 kuti usungunuke. Soda ndi amene amaufewetsa kuti ugonje pa moto wocheperapo, ndipo ng'anjo zambiri zimayaka pa madigiri 1,400 mpaka 1,500. Poyerekeza, moto wa nkhuni ndi makungwa umene amayi amawotchera mbiya panja nthawi zambiri sufika ngakhale pa madigiri 1,000. Laimu naye ali ndi ntchito yake. Galasi la mchenga ndi soda zokha limadyeka ndi madzi pang'onopang'ono, choncho laimu ndi amene amalilimbitsa kuti lisamasungunuke mukamamwera.

Soda wa ku fakitale wabwera posachedwa. Kale opanga magalasi ankachita ndendende zimene agogo ankachita akafuna kuphika therere: kutentha zomera, kutenga phulusa, kulitcheza ndi madzi, n'kupeza chidulo. Ife timatentha zitsononkho kapena makoko a mtedza. Anthu a ku Venice, mzinda wa ku Italy, ankaitanitsa phulusa la zomera za m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Syria ndi ku Egypt. A ku Bohemia, dera limene lero lili m'dziko la Czech Republic, ankatentha mitengo ya m'nkhalango zawo, n'chifukwa chake ng'anjo zawo zinkakhala m'mapiri, kufupi ndi nkhuni. Mayi aliyense amene anapangapo chidulo amadziwa kuti phulusa silifanana. Lina limakhala lakuthwa, lina lozizira. Wopanga galasi ankakumana ndi vuto lomweli chaka ndi chaka, ndipo panalibe chipangizo choyezera. Ankayeza ndi maso, ndi zala, ndi lilime, ndipo nzeru yotere munthu amaitenga poimirira pafupi ndi amene akuidziwa.

Pali chinthu china chimene chimasiyanitsa galasi ndi chitsulo kapena madzi oundana. Galasi lilibe malire amene limachoka pa kulimba n'kukhala madzi nthawi imodzi. Limafewa pang'onopang'ono: poyamba ngati phula, kenako ngati ulimbo, kenako ngati uchi. Likamazizira limabwerera m'njira yomweyo. Luso lonse lagona m'kampata kameneka, pamene galasi lili lofewa mokwanira kuti liumbike koma lolimba mokwanira kuti lisayenderere pansi. Kampatako ndi ka masekondi owerengeka.

Anthu anayamba kupanga mikanda ndi timabotolo tagalasi ku Mesopotamia ndi ku Egypt zaka zoposa 3,500 zapitazo, koma kusintha kwakukulu kunabwera m'zaka 100 zomaliza Yesu asanabadwe, ku dera la Syria ndi Palestine, pamene wina anatulukira kuti galasi lotentha ungaliuzire mpweya n'kufufuma ngati chibaluni. Njirayo sinasinthe kwenikweni mpaka lero. Mmisiri amatenga paipi yachitsulo yotalika pafupifupi mita ndi theka, n'kuviika nsonga yake mu mphika wa galasi losungunuka, n'kuipotoza kuti galasi limatirire monga mmene uchi umamatirira ku kamtengo. Kuyambira pamenepo dzanja silisiya kuzunguza paipi. Akangoima pang'ono, galasi limalendewera mbali imodzi, ntchito yawonongeka. Amaligudubuza pa tebulo lachitsulo, amauzira pang'ono, amalibwezera pa moto, amaliumba ndi chikombole cha mtengo wonyowa kapena ndi manyuzipepala onyowa opindidwa m'dzanja, amalifinya khosi ndi mbano, amadula ndi sizasi. Kuti akonze kukamwa kwa tambula, wothandiza amabwera ndi ndodo ina yachitsulo yokhala ndi kadontho ka galasi lotentha, n'kuimata kunsi kwa tambulayo, ndipo mmisiri amaithyola ku paipi yoyamba ija. Wothandizayo akachedwa masekondi atatu, kadontho kazizira, tambula yagwa.

Ikatha, simungaisiye pa mphepo. Kunja kukazizira msanga kuposa m'kati, galasi limasunga kukokana kosaoneka ndi maso ndipo limadzasweka lokha, mwina usiku womwewo, mwina patapita mwezi. Amaliika m'ng'anjo ina yofunda pafupifupi madigiri 500, n'kumatsitsa moto pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo chinthu chikakhala chochindikala zimatenga masiku. Woumba mbiya wa ku Dedza sangadabwe nazo izi. Iyenso amadziwa kuti mphika wowuma mothamanga umachita ming'alu.

Tsopano chifukwa chimene ntchitoyi inagwera m'mabanja chikuoneka. Choyamba, si ntchito ya munthu mmodzi. Pa chilumba cha Murano, ku Venice, gulu logwira ntchito pa ng'anjo limakhala ndi mmisiri wamkulu, wothandiza wake woyamba, wothandiza wachiwiri, ndi kamnyamata kotumikira. Anthuwa salankhula zambiri, chifukwa nthawi yolankhula palibe. Aliyense amawerenga phewa la mnzake n'kudziwa chimene chikufunika. Kumvana kotere kumatenga zaka, ndipo anthu amene amadyera mbale imodzi amakupeza msanga. Chachiwiri, ng'anjo ya galasi siizimitsidwa madzulo ngati mbaula. Imayaka usana ndi usiku, miyezi yambirimbiri, chifukwa kuitenthetsanso kumatenga masiku ndipo mphika wa m'kati ukhoza kung'aluka ukazizira. Pamafunika wina wodzuka pakati pa usiku kukaona moto, ndipo wolembedwa ganyu sangausamale ngati mmene angachitire amene moto umenewo ndi chuma cha kwawo. Chachitatu ndi zinsinsi za kasakanizidwe. Kobalti pang'ono chabe amapereka mtundu wa buluu wozama. Chitsulo chimabweretsa kubiriwira kumene timaona m'mabotolo. Mkuwa umapereka mtundu wa madzi a m'nyanja. Golide wochepetsetsa, wosungunulidwa mwa njira yake, amapereka kufiira ngati magazi. Manganizi amachotsa kubiriwira kuti galasi liyere, moti amisiri ankamutcha sopo wa opanga magalasi. Mayina a zinthuzi aliyense akhoza kuwadziwa. Koma muyezo wake, nthawi yothira, ndi mtundu wa lawi lofunika, zinkalembedwa m'timabuku ta banja timene bambo ankapereka kwa mwana mmodzi yekha, ndipo zina sizinkalembedwa n'komwe.

Ku Venice boma linawonjezera lamulo pamwamba pa zonsezi. M'chaka cha 1291 linalamula kuti ng'anjo zisamukire ku Murano, poopa moto mumzinda wa nyumba zothithikana zokhala ndi matabwa ambiri. Kusonkhanitsa amisiri pa chilumba chimodzi kunathandizanso kuwayang'anira. Anapatsidwa ulemu waukulu, mpaka mwana wamkazi wa mmisiri ankatha kukwatiwa ku banja la olemekezeka popanda ana ake kutaya udindo wa bambo awo. Koma mmisiri sankaloledwa kusamukira dziko lina ndi luso lakelo, ndipo wothawa ankaopsezedwa kuti abale ake aikidwa m'ndende. Anali ngati mbalame yodyetsedwa bwino m'chikwere. Ena ankathawabe. M'chaka cha 1665 nduna ya ku France, Colbert, inanyengerera amisiri angapo a ku Murano kuti akaphunzitse Afalansa kupanga akalilole, ndipo kampani imene inayamba pamenepo, Saint-Gobain, ilipo mpaka lero.

Banja la Barovier limawerenga mbiri yake ku Murano kuyambira chaka cha 1295, ndipo la Seguso kuyambira 1397. M'zaka za m'ma 1400, Angelo Barovier anapeza njira yoyeretsera phulusa lija mpaka galasi lake linatuluka loyera mbee, lofanana ndi mwala woonekera umene umakumbidwa m'mapiri. Analitcha cristallo, ndipo kutchula galasi kuti kristalo kunachokera pamenepo. Dzinali limasokoneza pang'ono. Kristalo weniweni ndi mwala umene tizigawo take tinafola mwadongosolo, monga mchere, kapena miyala yofiira ndi yabuluu ya mtengo wapatali imene imakumbidwa pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu. Galasi ndi losiyana kotheratu: tizigawo take tinaima chisawawa, ngati anthu pa msika wa Lizulu. Tambula ya kristalo ndi galasi ndithu, koma galasi lovala dzina la mwala.

Kristalo wolemera ngati wa agogo anabadwira ku England. M'chaka cha 1674 George Ravenscroft analandira chilolezo cha mfumu chopangira galasi la mtundu watsopano, ndipo patapita zaka zochepa anapeza kuti kuthiramo mtovu kumathetsa vuto la ming'alu imene inkamuvutitsa. Mtovu unasintha zinthu zitatu. Galasi linalemera. Linayamba kupinda kuwala kwambiri, moti dzuwa likagunda pa ngodya limagawika m'mitundu ya utawaleza. Komanso linafewa mokwanira kuti lisemedwe mozama osasweka. Kulira kuja kwa ngati kabelu kumachokeranso pomwepo. Lamulo la ku Ulaya limati galasi litchedwe kristalo wa mtovu pokhapokha ngati magawo 24 pa 100 alionse, kapena kuposerapo, ndi mtovu.

Kusema ndi ntchito ina, ya anthu ena, ndipo nthawi zambiri ya mabanja ena. Wosema amalandira tambula yozizira, yosalala. Amaijambula mizere yochepa yomutsogolera, kenako amaigwira ndi manja awiri n'kuikanikiza pa gudumu lozungulira, kale la chitsulo ndi mchenga kapena la mwala wonolera, lero la dayamondi, madzi akudontha pamwamba kuti galasi lisatenthe. Chovuta n'chakuti gudumu limadya mbali imene ili kutali ndi iye, choncho amayang'ana kudzera m'kati mwa tambulayo, m'madzi ndi m'thope, kuti aone pamene mzere ukupita. Kuzama kwa mzere amakumva m'manja ndi m'makutu. Akakanikiza mopitirira, waboola. Ndipo galasi silili ngati dongo lakuti ukalakwitsa umata pena. Chimene chachoka chachoka. Ku Waterford, ku Ireland, wophunzira kusema ankakhala zaka zisanu asanayesedwe, ndipo mayeso ake anali mbale imodzi yokhala ndi mitundu yonse ya kasemedwe imene fakitaleyo inkagwiritsa ntchito. Ndikaganiza za mbale imeneyi ndimakumbukira osema ziboliboli a ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976. Mnyamata wa kumeneko amayamba ndi kukwecha ndi sandipepa zimene akuluakulu asema, kwa nthawi yaitali, asanapatsidwe sompho.

Mabanja amenewa sanayende pa msewu wosalala. Fakitale ya Waterford inayambitsidwa ndi George ndi William Penrose m'chaka cha 1783, koma inatsekedwa mu 1851, ndipo mzindawo unakhala zaka pafupifupi 100 wopanda ng'anjo. Luso linafa. Amene anadzalidzutsa mu 1947 anali anthu a ku Czechoslovakia, Charles Bačik ndi Miroslav Havel, amene anaphunzitsa anyamata a ku Ireland kuyambira pachiyambi. Fakitale yaikuluyo inadzatsekedwanso mu 2009 chuma chitavuta, ndipo amisiri mazanamazana, ena a iwo ana ndi adzukulu a amisiri, anakhala opanda ntchito. Banja la Riedel linayamba kupanga magalasi ku Bohemia mu 1756. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mafakitale awo analandidwa, ndipo Walter Riedel anatengedwa kupita ku Soviet Union kumene anasungidwa zaka 10. Mwana wake Claus anathawira ku Austria alibe kanthu, koma anali ndi zimene zinali m'mutu ndi m'manja mwake. Anathandizidwa ndi banja lina lochokera ku Bohemia komweko, la Swarovski, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1950 a Riedel anayatsanso ng'anjo ku Kufstein. Lero kampaniyo ili m'manja mwa mbadwo wa 11. Daniel Swarovski, amene anayambitsa kampani ya Swarovski, anali mwana wa wosema magalasi. Anaona mmene bambo ake ankavutikira kusema timiyala tagalasi kamodzikamodzi, ndipo mu 1892 anapanga makina osemera oyendera magetsi. Mu 1895 anasamukira ku Wattens, m'mapiri a ku Austria, kumene kunali madzi opangira magetsi komanso kutali ndi maso a opikisana naye.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Leopold Blaschka ndi mwana wake Rudolf. Awiriwa, akugwira ntchito kunyumba kwawo pafupi ndi Dresden ku Germany, anapangira yunivesite ya Harvard ya ku America maluwa ndi zomera zagalasi zoposa 4,000 pakati pa 1887 ndi 1936, zophunzitsira ophunzira za zomera. Anapanga mizu, masamba ogwidwa ndi matenda, zipatso zowola, njuchi ili pa duwa, zonse zagalasi, moti anthu amene amaziona amakana kuti si zamoyo. Sankagwiritsa ntchito ng'anjo yaikulu, koma lawi laling'ono la nyale ndi timbano. Anthu ankaganiza kuti ali ndi chipangizo chobisika. Leopold ankayankha kuti chinsinsi chake n'kukhala ndi agogo a agogo amene ankakonda galasi, n'kubereka ana okonda galasi. Koma sanaphunzitse munthu wakunja ndi mmodzi yemwe. Leopold anamwalira mu 1895. Rudolf anapitiriza yekha, analibe mwana, ndipo atamwalira mu 1939 zonse zinathera pomwepo. Maluwawo alipo ku Harvard, akatswiri amawakonza akathyoka, koma palibe amene anapitiriza ntchitoyo pa mlingo umenewo. Banja limasunga luso bwino kuposa sukulu iliyonse, koma limalisungira m'dengu limodzi. Ife tikudziwa zimenezi. Ndi midzi ingati kuno imene inali ndi wosula makasu, wa mvukuto ndi chipala chake, amene ana ake anapita ku tawuni ndipo palibe amene akudziwanso kusula mpeni?

Sindikufuna kukometsera moyo wa pa ng'anjo. Kwa zaka mazana ambiri anyamata ankayamba ntchitoyi ali ndi zaka 10 kapena 12, akunyamula magalasi otentha usiku wonse. Amisiri ankadwala ng'ala chifukwa choyang'ana moto, osema ankapuma fumbi la mchenga ndi mtovu, ndipo asidi amene amawalitsira kristalo amadya mnofu mpaka fupa. Mwana wobadwira m'banja lotere nthawi zambiri sankafunsidwa ngati akufuna. Ana aakazi nawo nthawi zambiri sankaloledwa kuyandikira ng'anjo. Ku Venice ntchito ya amayi inali kutunga mikanda: ankakhala pakhomo ndi mbale yathabwa pamiyendo, masingano ambiri aataliatali m'dzanja limodzi, akutunga timikanda pa malipiro ochepa. Kwathu kuno zinali mwina. Kuumba mbiya kunkayenda mwa amayi, kuchokera kwa agogo kupita kwa mayi ndi kwa mdzukulu wamkazi, ndipo popeza mkazi amakhala pamudzi wa kwawo mwamuna n'kubwera kuchikamwini, luso linkakhala pamalo amodzi pamodzi ndi dambo limene ankatapako dothi.

Mikanda ija ndi imene imatilumikiza ife ndi nkhani yonseyi, ndipo ambiri sitiganizako. Mkanda wa m'chiuno, wa m'khosi, wa pamutu wa amayi a Chingoni ovina ngoma pa Umhlangano ku Ntcheu, ndi galasi. Amaupanga motere: mmisiri amatenga mpira wa galasi lotentha wokhala ndi mpweya pakati, mnzake amamata ndodo mbali inayo, n'kuyamba kuyenda motalikirana. Galasi limatanuka n'kukhala kachubu kowonda kotalika mamita ambirimbiri, koma kabowo ka pakati sikatsekeka. Amakadula tizidutswa, n'kutitenthetsanso mogudubuza kuti m'mbali musakhale mwakuthwa. Mikanda yotere inafika kuno kale kwambiri, Azungu asanaponde. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma lathu lomwe lino, kumene kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, Dr Yusuf Juwayeyi atakumba anapeza mikanda yagalasi yochuluka, pamodzi ndi minyanga ya njovu, zinthu za mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China. Mikanda yambiri ya nthawi imeneyo inkabwera kudzera pa malonda a pa nyanja ya Indian Ocean. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1800, ya ku Venice ndi ya ku Bohemia inasefukira mu Africa, ndipo tisabise: ina inkagula minyanga, ina inkagula anthu. Galasi lomwelo limene linalemeretsa mabanja a ku Murano linali m'mitolo ya apaulendo amene ankatsikira ku nyanja ndi akapolo.

Komanso tisaganize kuti Mwafirika anali wongogula. Ku Ile-Ife, ku Nigeria, ofukula zakale anapeza mbiya zosungunuliramo galasi ndi mikanda yambirimbiri ya pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400, ndipo kasakanizidwe kake kakusonyeza kuti galasilo linkapangidwa komweko ndi zipangizo za komweko. Ku Bida, m'dziko lomwelo, kuli mabanja a amisiri a galasi otchedwa Masaga amene amapanga mikanda ndi zibangili. A Krobo a ku Ghana amasinja mabotolo kukhala ufa, n'kuuthira m'tizikombole tadothi, n'kuika kamtengo ka chinangwa pakati kuti kakapsa kasiye bowo, n'kuwotcha m'uvuni wa nkhuni. Ntchito imeneyi imayenda m'mabanja, ndipo sifuna magetsi.

Kufupi ndi kuno, chitsanzo chimene ndimachiganizira kawirikawiri ndi Ngwenya Glass ku Eswatini. Inayamba mu 1979 ndi thandizo la ku Sweden, ndipo amisiri a ku Sweden anaphunzitsa anyamata a komweko kuuzira galasi. Mu 1985 inatsekedwa. Banja la Prettejohn, limene linkakonda kugula tinjovu tagalasi ta pamenepo, linaigula n'kuitsegulanso mu 1987, n'kuitananso ena mwa amisiri akale aja. Zonse zimene amapanga zimachokera ku mabotolo akale otoledwa m'dzikomo. Chimene chinapulumutsa malowa n'chakuti zaka zimene ng'anjo inazima zinali ziwiri zokha, manja a amisiri anali asanaiwale. Zikanakhala zaka 30, akanayambanso kuitana aphunzitsi kuchokera kunja monga anachitira a ku Waterford.

Kodi ku Dedza zingatheke? Mchenga wabwino wopangira galasi ulipo m'madambo a ku Mchinji, laimu amawotchedwa ku Balaka, ndipo mabotolo osabwezedwa ali mbwee kuseri kwa malo omwera mowa alionse. Anthu odziwa kusamala ng'anjo yotentha kwambiri aliponso, chifukwa Dedza Pottery yakhala ikuwotcha mbale ndi makapu kuyambira 1987, ndipo utoto wonyezimira wa pa kapu yadothi ndi galasi lopyapyala ndithu. Chopinga chachikulu ndi moto. Ng'anjo yoyaka usana ndi usiku siingadalire magetsi ozimazima, gasi ndi wodula, ndipo ine sindingavomere kuti mitengo yotsala ya m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni ithere m'ng'anjo ya magalasi. Ngakhale ku Murano komweko, mtengo wa gasi utakwera mu 2021 ndi 2022, ng'anjo zambiri zinazimitsidwa kwa kanthawi. Kwa ine, njira ya ku Ghana ndi imene ili pa msinkhu wathu: kauvuni kakang'ono koyatsidwa tsiku limene mukufuna, mabotolo osinja, tizikombole toumbidwa ndi amayi amene amaumba kale mbiya, ndi msika wa mikanda umene ulipo kale pakhomo, chifukwa imene timagula lero imachokera kunja. Mayi amene angayambe zimenezi ana ake akumuonerera ndiye angakhale chiyambi cha banja loyamba la amisiri a galasi kuno.

Amene muli ndi matambula olemera m'kabati, pali zinthu ziwiri zoti mudziwe. Mtovu umatha kulowa pang'onopang'ono m'chakumwa, makamaka chowawasa kapena mowa, ngati chakhalamo nthawi yaitali. Kumwera tambula pa phwando si vuto lalikulu, koma musasunge vinyo kapena juwisi m'botolo la kristalo kwa masiku, ndipo musamwetsere mwana wamng'ono. Pa chifukwa chimenechi opanga ambiri asiya mtovu. Kampani ya Moser ya ku Karlovy Vary, ku Czech Republic, imene inayamba mu 1857, imadziwika ndi kristalo wopanda mtovu, ndipo Swarovski nayo inausiya mu 2012. Chachiwiri ndi mmene mungadziwire ngati tambula inasemedwa kapena inathiridwa m'chikombole, monga agogo ankanenera. Ya m'chikombole imakhala ndi kamzere kowonda kotsika m'mbali pamene zigawo za chikombole zinakumana, ndipo maluwa ake amakhala obulungira mukawasisita. Yosemedwa ilibe kamzereko, ngodya zake zimakanda chala, ndipo mizere yake sifanana ndendende.

Pa matambula asanu ndi imodzi aja patsala awiri. Agogo atamwalira anapita kwa amayi, ndipo tsopano ali kwa achemwali anga, monga mmene katundu wa m'nyumba amayendera kwathu. Ulendo wapitawu ndinawapempha kuti, "Achemwali, tandibwerekeniko imodzi ndiione padzuwa." Ananditulutsira atakulunga m'kansalu. Ndinaizunguza pang'onopang'ono pakhonde, ndikuyendetsa chala m'mizere. Kamzere ka chikombole panalibe. Chakumunsi, pamene mizere iwiri imadutsana, umodzi unapitirira mnzake pang'ono, ngati utali wa njere ya mpunga, ndipo wotsatira wake unabwerera m'malo mwake.